Mikuyu ya a Lorenso pa Gombe la Nyamikolo

A Lorenso ndakhala nawo moyandikana dimba kwa zaka makumi atatu tsopano, ndipo pafupifupi zaka makumi awiri zoyambirira sitinkamwerana madzi. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezi, chifukwa masiku ano aliyense kwathu kuno kwa Ndamera akamakamba za iwo amachita ngati anali mnzawo wapamtima kuyambira kale. Bodza lenileni. Tinkawatcha amisala, ndipo woyambitsa nyimboyo ndinali ine, Imelda, amene ndimawamba ndi kugulitsa nsomba pamsika.

Anabadwira ku Mozambiki, kufupi ndi Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Nkhondo itavuta mu 1986 anathawira kuno wapansi, iwo ndi akazi awo a Priska, mwana wawo Fortune ali kumbuyo. Nkhondo itatha anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anatsala, poti kumeneko kunalibenso wowalandira. Atapempha malo olima, akuluakulu a mudzi anawapatsa malo amene tonse tinkawakana: gombe la mtsinje wa Nyamikolo, kamzere kotalika kongowonda.

Amene sadziwa Nyamikolo akhoza kuuderera. Miyezi yambiri ndi mchenga wokhawokha, mbuzi zimagona pakati pake. Koma mvula ikagwa kumapiri a Matundwe, madzi ake sabwera pang'onopang'ono ngati a Shire. Amatsika kamodzin'kamodzi atanyamula zipika, miyala ndi chilichonse chimene akumana nacho panjira. Chaka chilichonse ankaluma gombe lathu mapazi awiri kapena atatu. Kuseri kwa gombelo kuli madimba athu, kenako nyumba, mjigo ndi tchalitchi.

Ife kuno timalima mpaka m'mphepete mwenimweni, chifukwa chinyezi chili komweko. Phesi lomaliza la chimanga limachita kusuzumira mumtsinje. Ndiye tinkayembekeza kuti mlendoyo achita chimodzimodzi, adye kawiri katatu, mundawo upite ndi madzi. Iwo ayi. Anakadula nthambi za mkuyu zazikulu ngati mkono, n'kuzizika m'dothi mizere itatu. Pansi penipeni, m'mbali mwa mchenga, anaokera bango ndi nsenjere. Pamwamba anabzala nsangu ndi nimu. Chimanga anangochisiyira kachigawo kakang'ono koti n'kuphimba ndi mikeka isanu. M'chilimwe, dzuwa la kuno likamaotcha mpaka nkhuku kuyasama, a Priska ankafukula mchenga pakati pa mtsinje kufuna madzi, n'kumasenza ndowa kukathirira timitengoto kamodzikamodzi. Mbuzi zikadya, ankazikanso ena n'kutchinga ndi minga. Ife tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Munthu wapatsidwa munda, iye n'kumalima nkhuni!

Kuseka kunatha mitengo itakula. Mthunzi wake unayamba kugwera m'dimba langa. Matimati a m'malire anayamba kutalika opanda zipatso, mbalame zinapeza pogona, apusi nawo anapeza pobisalira akaba chimanga changa. Tsiku lina ndinawapeza akusadzira nthambi, ndinaima manja ali m'chiuno.

“A Lorenso, kodi ana anga adya masamba a mkuyu chaka chino?”

Anatsitsa chikwanje, navula chipewa. Munthuyo ndi waulemu mokwiyitsa.

“Pepani mayi. Nthambi za mbali yanu ndidula. Koma miti iyi isiyeni. Kwathu ku bara, kunyanja yamchere, kuli miti yomera m'matope, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo. Bambo anga ankamanga nyumba kuseri kwake. Nyanja ikakwiya, funde limalowa m'mitimo litaimirira, limatuluka mbali ino likukwawa.”

“Ndiye kuno mwaionako nyanja?”

“Nkhabe, ayi. Koma nyanja yanu imachokera kuphiri.”

Ndinachoka ndikutukwana chamumtima, ndipo madzulo ake msika wonse unali utamva kuti a Lorenso akudikira nyanja kuchokera ku Matundwe.

Kumapeto kwa 2004 wailesi inadzaza ndi nkhani ya chifunde chotchedwa tsunami, chimene chinapha anthu ankhaninkhani kumaiko a ku Asia. Patapita milungu ingapo, ndili pamsika ndikuyala milamba, ndinangoona a Lorenso akubwera chothamanga, kawailesi kali m'manja. Munthu wina ankafotokoza kuti m'madera ena, midzi imene inali kuseri kwa nkhalango za m'mphepete mwa nyanja sinaphwasuke ngati ya pamtetete, chifukwa mitengo inachepetsa ukali wa madzi ndi kugwira zigumuka zimene madziwo ananyamula. Maso awo ankawala ngati a mwana amene wakhoza mayeso.

“Mwamva, mayi? Mwamva?”

“Ndamva,” ndinatero. “Akayamba kunena za matimati anga mudzandiitanenso.”

Tsopano ndinene chimene ndinachita, poti ndinalumbira kuti sindidzabisanso. Chaka chotsatira Fortune anakwatira ku Bangula, ndipo makolo ake anachoka masiku anayi. Ndinatenga nkhwangwa dzuwa lili paliwombo, ndinapala khungwa mozungulira mikuyu itatu ikuluikulu ya m'malire. Mtengo ukaupala chotero sugwa, umangofota n'kuuma uli chiimire. Atabwera anaona, ndipo anadziwa. Mitengoyo itauma a Lorenso anaigwetsa, anaiwaza, ndipo m'mawa wina ndinapeza a Priska pakhomo panga akutula mtolo wa nkhuni.

“Munavutikira ndinu, mayi,” anatero. “Wambirani nsomba.”

Akanandilalatira bwenzi nditawabwezera kawiri, chifukwa pakamwa ndiye ndili napo. Koma manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo ndinawasandutsa mkwiyo, moti ndinakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri osawapatsa moni wabwino.

Sindinali ndekha wowononga. Ootcha njerwa ankabwera ndi ngolo. Owamba nsomba anzanga ankathyola nthambi. Wofuna mtanda wa denga, wofuna mpini, wofuna mtengo wopalasira bwato, onse njira inali ya kugombe. Ankati mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ilibe mwini, ndipo mlendo sangaletse eni dziko nkhuni. Fortune anali atapeza ntchito kuminda ya nzimbe ku Nchalo. A Lorenso mawondo anali atayamba kukana, sakanatha kulondera mzere wonsewo okha. Pofika 2012 nkhalango ija inali ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo m'mipatamo mtsinje unali utayambanso kuluma.

Chaka cha 2013 a Priska anadwala chifuwa chimene sichinamve mankhwala. Amayi a kutchalitchi tinkasinthana kuwasamalira, ndipo tsiku langa litakwana sindikanazemba. Ndinawasambitsa, ndinawamwetsa phala. Masana, a Lorenso atapita kukatunga madzi, a Priska anandigwira dzanja.

“A Imelda, ndikafa musakandiike kumanda a mudzi. Mukandiike pakati pa miti.”

“Kugombe? Mutu ukuyenda bwino? Madzi adzakutengani.”

“Akanditenga anditenga. Koma inu mukudziwa mwambo wanu. Ndani amalowa kumanda ndi nkhwangwa?”

Kwathu kuno mtengo wa kumanda sudulidwa, ngakhale nkhuni youma yogwa yokha sitola. Amene amalowako ndi zida ndi adzukulu okha, okumba manda aja, ndipo pamaliro pokha. Mayi ameneyu, wosalankhulalankhula, anali atapeza mlonda amene sagona ndipo sakalamba.

“Bambo ake a Fortune ndawauza,” anapitiriza, “koma akanena okha anthu adzati ndi misala yawo ija. Inu mukalankhula mudzi wonse umamva. Ndipo aliyense akudziwa kuti inu simunganame pofuna kutikomera ife.”

Anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi. M'mawa wa tsiku loika, pasiwa panabuka mkangano. A Macdonald, mkulu wa adzukulu, anaika khasu pansi n'kunena kuti chibadwire sanakumbepo manda pamalo odutsa madzi, ndipo sayamba lero. Koma wokwiya kwambiri anali Fortune.

“Bambo, moyo wonse amayi akhala akusenzera madzi mitengo yanuyi. Lero mukufuna muwapereke kumtsinje?”

A Lorenso anangoti, “Ananena okha,” n'kuweramitsa mutu. Ndinaona amuna akuyang'anana, ndipo ndinadziwa kuti palibe akukhulupirira. Nkhani za kumanda amayi sitilowerera, timakhala m'nyumba ndi maliro n'kumaimba. Koma ndinadzuka, ndinamanga chitenje, ndinatuluka mpaka pabwalo pamene panali amuna, n'kugwada.

“Pepani akuluakulu. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa, dzanja lawo lili m'dzanja langa. Ndipo poti ndayamba, ndimalize. Mikuyu itatu ija inauma chaka cha ukwati wa Fortune ndinapala ndine. Inu a Macdonald, njerwa za nyumba yanu munaotchera chiyani? Tonse pano tadya thukuta la mayi ameneyu. Wapempha chinthu chimodzi chokha.”

Kenako a Macdonald anatola khasu lawo. Anakakumba pamzere wa pamwamba, pakati pa nsangu waukulu ndi mikuyu iwiri. Fortune anaika mtanda wachitsulo umene anawotcheretsa ku Nchalo, ndipo asanakwere njinga yobwerera anauza bambo ake pamaso pa anthu kuti, “Tsiku limene mtsinje udzatenge mafupa a amayi, musadzanditchenso mwana wanu.”

Kuyambira tsiku limenelo nkhwangwa sinamvekenso kugombe. Ngolo zinasintha njira. Zitsa zinaphuka, mipata inatsekeka, bango linakula mpaka kubisa munthu. Ine ndinasuntha dimba langa mapazi khumi, ndipo m'malo amene ndinasiyawo ndinazikamo mikuyu ndi manja anga. A Lorenso ataona anangoti, “Takhuta, mayi,” kuthokoza kwa Chisena, n'kundisonyeza kuti nthambi ndinazika mozondoka ziwiri. Tinaseka limodzi koyamba.

Koma mtendere iwo analibe. Mitambo ikangoyamba kuda kumapiri, munthuyo ankaonda tikuona. Madzi a 2015 anasesa bango lonse n'kugwetsa mikuyu isanu ya kutsogolo. Atangophwa, a Lorenso anali kale m'matope akuokera lina. Mu 2019 ndi mu 2022 zinalinso chimodzimodzi: mtsinje kuluma, iwo kusoka. Fortune ankaimba foni pa nambala yanga mvula ikagwa, funso lake limodzi lokha, “Manda alipo?” Ndikati alipo, ankathokoza n'kudula, osapempha kulankhula ndi bambo ake. Zinkandipweteka, ndipo kawiri konse ndinamukalipira, koma mwanayo anatengera kuuma mutu kwa bambo ake omwewo.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Mvula inagwa masiku atatu osapuma. M'mawa wa tsiku lachitatu, cha m'ma naini koloko, tinamva mkokomo kuchokera kumtunda ngati malole ambiri akubwera pamodzi. Ine ndakulira pano, koma phokoso limenelo ndinali ndisanalimvepo. Ndinatuluka panja ndipo ndinaona nsonga za mikuyu zikugwedezeka, zipika zikuwomba mitengo, thi! thi! ngati anthu akusinja. Madzi anadutsa, inde, mitengo si khoma. Koma anafika m'mudzi opanda zipika, opanda liwiro lija. Anayamba m'kakolo, patapita nthawi m'mawondo, kenako m'chiuno. Nthawi imeneyo ndi imene inatipulumutsa. Tinabereka ana, tinanyamula odwala pazitseko, tinamasula mbuzi, n'kukwera kusukulu ya pachitunda. A Lorenso anachita kuwakoka amuna awiri, chifukwa ankafuna kulowera kugombe.

Kumunsi kwathu, kumene gombe linali lambulanda, mtsinje unang'amba njira yatsopano pakati pa nyumba za anthu, ndipo kumeneko kunali maliro. Kwathu nyumba zazidina zambiri zinasungunuka, yanga yomwe inagwa mbali imodzi, mbewu zonse zinapita. Koma akomiti ya zangozi ataitana maina m'kalasi, khomo ndi khomo, aliyense anayankha.

Masiku anayi tili kusukuluko a Lorenso sanadye. Anthu ankabwera kudzawagwira chanza, ena amene ankawaseka kale, koma iwo ankangoyang'ana kumene kuli mtsinje. Ndinawatengera phala, anakana.

“Mayi, ngati manda apita, ndidzamuuza chiyani mwana?”

Ine wa pakamwa uja, ndinangokhala pambali pawo.

Tsiku lachisanu masana Fortune anatulukira, matope mpaka m'ntchafu, nsapato zili m'manja. Msewu unali utaduka malo angapo ndipo mtunda wambiri anayenda wapansi. Sanapereke moni wautali. Anaima pamaso pa bambo ake n'kunena kuti, “Tiyeni tikaone.”

Tinapita anthu anayi: iwo awiri, ine, ndi a Macdonald atasenza khasu ndi fosholo. Matope ankatimira mpaka m'mawondo, ndipo a Lorenso ankayenda atatsamira ndodo mbali ino, phewa langa mbali inayo. Titafika, tinaima n'kuyang'ana gombe. Bango kunalibe ndi limodzi lomwe. Mzere woyamba wa mikuyu unali utazuka, mizu ili m'mwamba. Pamzere wachiwiri panali mulu wautali kuposa munthu, wotalika kuchokera kumalire anga mpaka kumapeto: zipika zochokera kumapiri, miyala, malata opindika, chitseko cha eni ake, ng'ombe yakufa itapanikizika pakati pa mitengo iwiri. Ndinayang'ana muluwo, ndinacheuka kuyang'ana kumene kuli nyumba zathu. Zonsezo zinali paulendo wobwera kwa ife.

Mzere wachitatu unali chiimire. Koma pansi pake panali mchenga ndi matope osalala ngati pabwalo lozira, popanda chizindikiro chilichonse cha manda. Fortune anayendayenda uku ndi uku, kupuma kwake kukumveka.

“Ali kuti? Bambo, ali kuti?”

A Lorenso anasiya phewa langa. Anapita pa nsangu waukulu uja, anaugwira ndi dzanja, anayenda mapazi anayi kulunjika pakati pa mikuyu iwiri, n'kuzika ndodo yawo.

“Apa.”

A Macdonald anayamba kukumba, Fortune anawalanda fosholo. Anachotsa mchenga wofika m'mawondo, palibe. Anapitiriza. Thukuta linkasakanikirana ndi matope kumaso kwake. Ine ndinkapemphera mokweza, sindikumbuka n'komwe mawu ake. Atafika cha m'chiuno, fosholo inalira pachitsulo. Anaitaya, anagwada, n'kuyamba kufukula ndi manja. Mutu wa mtanda unatulukira, kenako mikono yake, utapendekeka pang'ono koma uli pamalo pake. Anapukuta ndi malaya mpaka dzina la amayi ake linaoneka.

Fortune analira ngati mwana wamng'ono, munthu wa ana anayi. Kenako, ali chigwadire m'dzenjemo, anatambasula dzanja n'kugwira mwendo wa bambo ake. A Macdonald anavula chipewa. Ine misozi inkangotsika, koma pamtima ndinali wonyada kwambiri, kunyadira kuti anthu awiriwa, a Lorenso ndi a Priska, amene tinawapatsa malo otaya, ndi a m'mudzi mwathu.

A Lorenso anakhala pansi pamatope pomwepo, pafupi ndi mtandawo. Anaika dzanja limodzi pamutu pa mwana wawo, lina pachitsulo, n'kulankhula motsitsa ngati munthu amene akupereka lipoti kwa mnzake wa ntchito.

“Amake Fortune, aitana maina kusukulu. Onse alipo.”